Katchalitchi kamene kanapulumuka chifukwa cha umphawi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa kalata ya bambo aja analemba m'nyuzipepala yanuyi masabata apitawa, onena kuti nyumba yopemphereramo ikakalamba, mpingo n'kupeza ndalama, chanzeru n'kuigwetsa basi, pamangidwe ina yamakono. Ndinaiwerenga pa foni nthawi yopuma kuntchito, ndipo mpaka poweruka mutu wanga unali pomwepo. Sindikufuna kulimbana nawo bambowo. Ndingowafotokozera za katchalitchi kena ka kumudzi kuno ku England, kamene ndapitako kanayi tsopano, kenako aweruze okha.

Ntchito yanga yeniyeni ine ndi yomanga. Ndagwira mpeni ndi levulo zaka zoposa 15 ndisanabwere kuno ku Hereford kudzasamalira okalamba. Ndiye ndikalowa m'nyumba, anzanga akamasirira makatani, ine maso amakhala pangodya, kuona ngati mmisiri anakoka chingwe kapena anangoyerekeza ndi diso. Matenda amenewa sachizika. Mmodzi mwa agogo amene ndimawasamalira, amene kale ankaweta nkhosa, atamva kuti ndine mmisiri anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisadzitche womanga ndisanakaone Kilpeck. Tsiku lopuma litakwana ndinapalasa njinga kupita kumeneko.

Kilpeck ndi kamudzi kamene kali makilomita 14 kumwera chakumadzulo kwa Hereford, pafupi ndi msewu wa A465 wopita ku Abergavenny. Kuchoka pamenepo kukafika m'malire a Wales ndi makilomita 8 okha. Ukasiya msewu waukulu umalowa timisewu topapatiza ta mipanda ya zitsamba uku ndi uku, toti thalakitala ikatulukira kutsogolo umachita kudzipanikiza m'minga ndi njinga yako yomwe. Nditafika, kunena zoona, ndinakhumudwa. Ndinkayembekezera chinyumba cha nsanja yoboola mitambo, koma ndinapeza kanyumba kakafupi ka miyala yofiirira ngati katondo, kali pakati pa manda, pamwamba pake pali kamalo kopachikapo mabelu. Mumtima ndinati agogo aja andiyendetsa pachabe.

Ndinakhala kaye pansi kuti thukuta liume, ndipo m'pamene diso la ntchito linayamba kugwira. Nyumbayi ndi zipinda zitatu zolumikizana, chilichonse chocheperapo kuposa chinzake ukamapita kum'mawa. Choyamba n'chokhalamo anthu, chachiwiri n'cha wansembe ndi omuthandiza, ndipo chachitatu, kumene kuli guwa, khoma lake n'lozungulira ngati theka la nkhokwe. Ukaima panja umatha kuwerenga zonsezi pa madenga okha, chifukwa amatsika ngati masitepe. Makomo ndi mazenera akale onse ndi ozungulira pamwamba, theka la bwalo lenileni, lopanda nsonga. Kamangidwe kameneka akatswiri amakatcha Romanesque, poti kanatengera mmene Aroma akale ankamangira, koma kuno ku England amangoti Norman, kutengera anthu a ku Normandy amene analanda dzikoli mu 1066.

Amene sanamangepo khomo lotere angaone ngati n'zophweka. Umayamba wakhoma chikombole cha matabwa chooneka ngati uta, n'kumayala miyala pamwamba pake kuchokera mbali zonse ziwiri, mwala uliwonse wosemedwa motambalala kumwamba, mopanikiza kunsi. Ukaika wapakati, miyala yonse imakanikizana yokha, ndipo matabwa aja ukhoza kuchotsa. Vuto lake n'lakuti uta wotere sukankhira pansi pokha, umakankhiranso m'mbali, kufuna kuyasamula makoma. Ndiye omanga a nthawi imeneyo yankho lawo linali limodzi: khoma likhale lochindikala, zenera likhale laling'ono. Mazenera a kuguwa ku Kilpeck kunja amaoneka ngati kamng'alu, koma mkati khoma analisema mopendeka kuti kuwala kukangolowa kumwazike. Ndinapisa mkono pa limodzi kufuna kuyeza khomalo, chala sichinafike pagalasi. Simenti panalibe. Ankamangira matope a laimu ndi mchenga, amene amauma pang'onopang'ono ndipo amalola chinyezi kutuluka. Masiku ano okonza nyumba zakale kuno amadziwa kuti ukamata simenti pakhoma lotere madzi amatsekeredwa mkati, chisanu chikabwera mwala n'kumafumbutuka. Ine amene ndinakulira kukhulupirira kuti simenti ikachuluka ndiye kuti nyumba yalimba, zimenezi zinandivuta kumeza.

Katchalitchika kanamangidwa cha m'ma 1140, ndipo mu 1143 kanaperekedwa m'manja mwa amonke a ku Gloucester. Werengani nokha, zaka zikuyandikira 900. Anakamangitsa ndi Hugh wa ku Kilpeck, mwana wa William fitz Norman, amene anapatsidwa dera limeneli ndi mfumu William itagonjetsa England. Bambo akewo ndi amene anamanga linga chakumadzulo kwa tchalitchi, ndipo chitunda chake ndi zidutswa ziwiri za makoma zilipobe, ukangodutsa manda umakwera n'kufika. Deralo kale linali la anthu olankhula Chiwelshi, m'kaufumu kotchedwa Ergyng, ndipo poyamba tchalitchicho chinkadziwika ndi dzina la Davide Woyera. Dzina la Mariya linadzawonjezedwa pambuyo pake. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti nthawi imene amisiri ankagogoda miyala pamenepa, dziko linali pankhondo yapachiweniweni, Stephen ndi Matilda akulimbirana ufumu, ndipo mzinda wa Hereford womwewu unazingidwa ndi asilikali mu 1138. Ulendo wa maola atatu wapansi kuchokera pamenepo, munthu wina anali chikhalire ndi tchizulo, akusema khutu la kalulu.

Khomo lolowera lili kumwera, ndipo ndi limene limakokera anthu kuchokera kutali. Pa nsanamira zakunja pali njoka zonenepa zopiringizana, ina yaluma mchira wa inzake. Pa nsanamira yamkati kumanzere pali asilikali awiri, wina pamwamba pa mnzake, avala zisoti zosongoka ndi mabuluku otaya, akodwa m'ziyangoyango za zomera. Kumanja kuli mbalame, ndipo pamwamba pake pali nkhope ya munthu imene nthambi zikutuluka m'kamwa mwake. Pamwamba pa chitseko, m'kati mwa theka la bwalo lija, pali mtengo wa mphesa wotambasula nthambi, umene amati ndi mtengo wa moyo. Kuzungulira pamenepo pali mngelo akuuluka, nsomba, mbalame, ndi zilombo zimene sizinayendepo padziko lino. Ndinayendetsa diso m'mizere ya mamba a njoka zija, ndipo ndi yakuthwa ngati yasemedwa chaka chatha. Mwala wake ndi wa mchenga wa komweko, koma wolimba modabwitsa. Chinanso chinathandiza: kwa zaka zambiri khomoli linali lobisika m'kakhonde ka matabwa, kamene anadzakachotsa mu 1868 kuti anthu aziona zosemazo.

Koma chimene chinandibweza kachiwiri, kachitatu mpaka kachinayi si khomolo ayi. Pansi penipeni pa denga, kuzungulira nyumba yonse, pali timiyala totuluka pakhoma tochirikiza mzere wa miyala yapamwamba. Kuno amatitcha corbel. Tatsala 85, ndipo kalikonse kali ndi chosema chakechake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ndinaganiza zotiwerenga kamodzikamodzi, khosi lili chagada, ndikupunthwa m'miyala ya pamanda. Pali mutu wa nkhosa yamphongo. Pali chimbalangondo chomangidwa pakamwa. Pali nkhumba yozondoka. Pali munthu akuliza chonga kaligo, wayasamula ngati nyimbo yamukolera. Pali awiri ogwirana, oti ena amati akulimbana, ena amati akuvina, ena amati n'chibwenzi, ndipo ine nditawayang'anitsitsa ndinagwirizana ndi omalizawo. Pali Mwanawankhosa wa Mulungu atanyamula mtanda, koma wosemayo nkhosa inamukanika, inatuluka ngati hatchi, ndipo anangoiika choncho. Izi zinandisangalatsa kwambiri, chifukwa mmisiri aliyense ali ndi ngodya yake imene amapemphera kuti mwini nyumba asaione.

Kuwerenga kwanga kunasokonekera pa galu ndi kalulu. Akhala pamodzi pa kamwala kamodzi, mapewa ogundana. Galuyo makutu ali lendee, nkhope yachisoni ngati wakalipiridwa, pamene kalulu maso ali tong'oo, makutu ali njoo. Mwana wa zaka zitatu akhoza kuwazindikira n'kuseka, ndipo mukanawaona osauzidwa mukanati ndi zidole za pa TV. Ndinaseka ndekha pamanda paja, mayi wina amene ankathirira maluwa mpaka anatembenuka. Nditayambiranso kuwerenga ndinapeza 83, ulendo wina 86. Nambala ya 85 ndachita kuikhulupirira kuchokera kwa amene anawerenga ndi makwerero.

Pali kamwala kenanso kamene ndivutike pokafotokoza m'nyuzipepala yowerenga ndi ana omwe. Ndi chithunzi cha mkazi wadazi, wamutu waukulu, wosavala, akuonetsa poyera zimene timabisa. Zosema zotere zimapezekanso pa matchalitchi ena akale ku Ireland ndi ku Britain, ndipo amazitcha sheela na gig. Ena amati linali chenjezo pa tchimo la chiwerewere, ena amati n'zokhudza kubereka, ena amati ankathamangitsira mizimu yoipa. Mu 1842 katswiri wojambula, George Robert Lewis, anatulutsa zithunzi za tchalitchichi, ndipo atafika pa mayiyu manyazi anamugwira. Anamujambula mosintha n'kufotokoza kuti ndi chitsiru chimene chatsekula pamtima. Koma mwalawo sanaukhudze, ulipobe mmene unalili. Anthu a mu 1140 anaona kuti pa nyumba ya Mulungu pakhoza kukhala mngelo pakhomo, nkhumba yozondoka pansi pa denga, ndi mayi ameneyu chapambali, zonse pamodzi. Kaya ife tikugwirizana nazo kapena ayi, tikudziwa kuti ankaganiza choncho chifukwa khomalo lidakaima.

Kukhoma lakumadzulo kwatuluka mitu itatu ya zinjoka, yonga ya ng'ona, malilime opindika ngati mphukira ya dzungu. Mkati ndi mozizira ndiponso mopanda zambiri. Pa khomo la uta lolowera kwa wansembe pali anthu oyera mtima 6, atatu mbali iyi, atatu mbali inayo, osanjikizana, nkhope zawo zazitali zosasekerera, wina wagwira kiyi. Beseni la ubatizo ndi chimwala chachikulu choti mwana akhoza kusambiramo. Palinso kamphika ka mwala ka madzi odalitsidwa kosemedwa ngati mimba, manja awiri ataigwira. Mapemphero amachitikabe, pansi pa mpingo wa Anglican.

Tsopano ndifike pa mfundo ya bambo aja. Kodi chinasunga nyumba imeneyi n'chiyani? Si kuti anthu a ku Kilpeck anali anzeru kuposa anzawo. Nthawi yomweyo imene kankamangidwa, ku Saint-Denis kufupi ndi Paris kunali kukubadwa kamangidwe katsopano ka Gothic, ka mauta osongoka ndi mazenera aakulu, ndipo gawo latsopano la tchalitchi cha kumeneko linadalitsidwa mu 1144. M'zaka zotsatira, midzi yambiri ya ku England imene inalemera, makamaka ndi malonda a ubweya wa nkhosa, inkaboola makoma akale, kukuza mazenera, kuwonjezera zipinda m'mbali ndi kumanga nsanja. Kilpeck nayo inayamba bwino. Mfumu John inachezako kulinga kuja kangapo, ndipo mudziwo unali ndi msika wake. Kenako kunabwera njala, kunabwera mliri waukulu uja wa mu 1349, eni linga anasamukira kwina, lingalo n'kugumuka. Mudzi unafota. Mpaka lero m'munda woyandikana ndi tchalitchi mukuoneka mitumbira pamene panali nyumba ndi mpanda wa mudziwo. Panalibe wolemera woti achite manyazi ndi mazenera aang'ono, panalibe khamu loti lisowe pokhala. Anthu ochepa otsalawo ankangoziralira pamene padontha.

Kuti muone mbali inayo, pitani ku Shobdon, kumpoto kwa chigawo chomwechi cha Herefordshire. Kumeneko ndi kumene gulu la amisiri amene anasema miyala ya ku Kilpeck likuoneka kuti linayambira. Munthu wina dzina lake Oliver de Merlimond, kapitawo wa banja lamphamvu la Mortimer, anapita pa ulendo wachipembedzo ku Santiago de Compostela ku Spain, anaona matchalitchi osemedwa m'njira, ndipo atabwerako anamangitsa chake. Mayina a osemawo sanalembedwe paliponse, koma dzanja lawo limadziwika, moti akatswiri amawatcha gulu la Herefordshire. Tchalitchi cha ku Shobdon chinali ndi mwayi umene Kilpeck inalibe: chinapeza eni ake a ndalama. Cha m'ma 1750 banja la Bateman linachigwetsa, kusiya nsanja yokha, n'kumanga chamakono cha nthawi imeneyo. Mauta osemedwa aja sanawataye. Anawanyamula n'kukawaimika pachitunda, pamtetete, kuti azikongoletsa malo akamayang'ana kuchokera kunyumba kwawo.

Ndinapitako miyezi ingapo yapitayo. Umayenda mtunda pang'ono pakati pa mizere ya mitengo, n'kuwapeza ali okhaokha, opanda denga, opanda khoma kumbuyo. Mvula ndi chisanu za zaka zoposa 250 zawanyambita. Pamene panali nkhope pangotsala chotupa, pamene panali chinjoka pali ngati sopo wotha. Ndinaima pafupi kuyesa kuzindikira ngati chimene ndikuona ndi mbalame kapena tsamba, ndinalephera. Manja omwewo, zaka zomwezo. Ku Kilpeck ndinaseka, kuno ndinangoti kukamwa yasaa.

Ndisanamizire, tchalitchi chatsopano cha ku Shobdon n'chokongola. Mkati mwake ndi moyera ndi mobiriwira mwa mtambo ngati keke ya ukwati, ndipo lero nachonso n'chakale, boma limachiteteza mofanana ndi Kilpeck. Komanso Anormani amene ndikuwatamawa anali akatswiri ogwetsa. Atangolanda dziko anaphwasula pafupifupi matchalitchi onse aakulu amene anawapeza n'kumanga awo, ndipo zikuoneka kuti ngakhale pa Kilpeck pomwepa panali kale malo opemphererapo iwo asanafike. Ndiye bambo aja sakunena zachilendo, ali ndi anzawo ambiri m'mbiri. Ndikudziwanso mmene zimakhalira kupemphera m'nyumba yodontha, mutapanikizana, ena ataima panja. Ndapangapo ndalama pogwetsa makoma a eni ake, ndipo sindinafunse kuti anamanga ndani.

Chimene ndikukana n'chakuti kukalamba pakokha ndi mlandu. Kilpeck sinasiyidwe kuti iwole. Inakonzedwa kwambiri mu 1864, mu 1898 ndi mu 1962, koma okonzawo ankabwezera chimene chaguluka, osati kuchotsa chimene chawatopetsa. Chitsanzo chimene chimandigwira mtima monga mmisiri ndi chaching'ono kwambiri. Atachotsa khonde lija, madzi a mvula anayamba kutsetsereka pakhoma n'kumagwera pa zosema za pakhomo. Mu 1968 sanamange chidenga cha konkire pamwamba pake. Anangotenga kachitsulo kopyapyala ka mtovu, n'kukalowetsa mumzere wa matope pamwamba pa uta, kuti madzi azidontha patsogolo. Ukapanda kuuzidwa sungakaone n'komwe. Ine akanandipatsa ntchito imeneyo zaka khumi zapitazo, ndikanabwera ndi matumba a simenti ndi malata, ndipo ndikanachoka ndikudzitama.

Bambo aja ananenanso kuti achinyamata sakopeka ndi nyumba zakale. Ulendo wanga wachitatu ndinapeza banja lina lili ndi ana awiri, kamtsikana ndi kamnyamata, akuthamanga kuzungulira tchalitchi kupikisana kuti apeze nkhumba ndani, makolo awo akuwaletsa kuponda manda. Bukhu la alendo limene lili mkati ndinalitsegula, muli anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ena analemba m'zilembo zoti sindingaziwerenge. Pafupi pake pali bokosi loponyamo ndalama zothandizira kukonza. Ndinaponyamo mapaundi awiri, ndipo pa bukhupo ndinalemba m'Chichewa kuti amisiri inu munagwira ntchito.

Nditabwerera kuntchito ndinawaonetsa agogo aja zithunzi pa foni. Maso awo ndi ofooka tsopano, ndiye khomo lonse lija ndi njoka zake sanalione bwino. Anangofunsa ngati galu ndi kalulu adakalipo, poti iwo anawaona koyamba atanyamulidwa paphewa ndi bambo awo. Ndinakuza chithunzicho ndi zala mpaka makutu a galu anadzaza foni yonse, ndipo anachiyang'ana nthawi yaitali, tiyi wawo n'kuzizira.

Chithunzi chomwecho ndachitumiza pamodzi ndi kalatayi, ngati malo angapezeke mutsamba lanu. Mundikhululukire kuti chapendekeka. Kunkagwa mvula yowaza, ndipo ndinajambula nditaima ndi mwendo umodzi poopa kuponda manda a eni ake.

Ine wanu,
Mmisiri womanga, Hereford, England